Esinati Wapita ku Chipatala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe kumeneko pamodzi ndi banja lonse. Kuno ku Mavwere amayi ali bwino, koma mlongo wanu Esinati watidetsa nkhawa.

Chifuwa chake chija chinakula mpaka analeka kudzuka. Amuna ake, a Phiri, anaumirira zopita naye kwa sing'anga ku Zambia, koma ine mtima unakana. Tsiku la msika ku Kamwendo ndinafunsafunsa, mpaka mayi wina wogulitsa tomato anandilozera kwa a Nabanda, a m'gulu losamalira odwala m'makomo.

M'mawa mwake a Nabanda anafika ndi njinga yokoka kangolo ka odwala. A Phiri anaima pakhomo.

"Mkazi wanga sapita kulikonse," anatero.

A Nabanda sanakweze mawu. "Bambo, tiyeni timufunse mwiniwakeyo."

Esinati anayankha chonong'ona ali pamphasa: "Nditengeni. Ndikufuna ndilere ana anga."

Kuchipatala anamuyeza magazi n'kumupeza ndi kachilombo. Wandiuza yekha kuti ndikudziwitseni. Wayamba kumwa mankhwala otalikitsa moyo, ndipo a gulu aja amabwera kudzamuona atanyamula ufa wa phala. Dzulo anakhala tsonga popanda womugwira.

Koma a Phiri akukanitsitsa kukayezetsa, chonsecho nawonso ayamba kutsokomola. Ife satimvera. Inu amakupatsani ulemu, choncho chonde alembereni msanga. Musawakalipire ayi, angatithawe.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Felesiya