Makina Akuti Munda Ndi wa Yotamu

Wongani mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, chifuwa chokha ndiye sichikundisiya.

Nkhani ndi ya Yotamu, bambo ako aang'ono. Kale lija a kampani ya fodya akukonza makina awo a kompyuta, anadzafunsa alimi mmene timalimira. Ndinkadwala, ndinatuma iye. Anakawauza kuti munda uliwonse mwini wake ndi mmodzi, chonsecho wathu timalima awiri chimwalirire atate.

Lachiwiri ndinapita ku Jenda kukatenga feteleza kukampaniko. Mtsikana wapakompyuta anati, "Pepani chomene adada, makinawa salola mayina awiri. Mundawu ndi wa a Yotamu." Ndinabwerera ndi njinga yopanda kanthu.

Mulungu akusunge. Koma ndapota, umuimbire foni Yotamuyo. Ndisanafe, akaime pamaso pa akampaniwo, ine ndikumva, anene kuti ananama.

Ine bambo ako.