Chivindikiro cha Thanki ya Njanji

Lolemba, 9 Juni

Kapitawo wandipatsa ntchito ya sabata ino: kudula thanki yakale ya njanji, ija ili kuseri kwa shedi yachiwiri. Pofika Loweruka ikhale itagwa. Pamenepo padzadutsa msewu watsopano wa malole a makontena.

Ndakaiyendera masana. Miyendo inayi, yonse dzimbiri lokhalokha, wina ndangougogoda ndi hamala nʼkuyamba kuyoyoka. Mabotolo awiri a gasi akwana. Kunena zoona, ntchito ngati iyi ndimaikonda. Zaka makumi atatu ndikuwotcherera zitsulo padoko pano, ndipo kudula kumandikomera kuposa kulumikiza, chifukwa palibe amene amabwera mawa lake kudzadandaula kuti chathothoka.

Malemu bambo ankati pomwe ankayamba kusenza malasha, doko lonse linali jeti ya matabwa ija basi, ndi thanki iyi yomwetsa sitima za pamtunda. Kenako anamanga khoma la simenti, njanji inafa, kunabwera malole. Lero kuli makireni atatu otalika kuposa nyumba iliyonse mʼtauni muno. Thankiyo sinaonepo dontho la madzi chibadwire mwana wanga woyamba. Yagwira ntchito yake, ikapume.

Lachiwiri, 10 Juni

Bondo lero silinavute. Ndachotsa mapaipi onse.

Mayi Injiniya anabwera kudzayeza. Msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, koma tepi siichoka mʼmanja, mpaka anthu anawatcha Atepi. Ulemu ali nawo. Amanditi “bambo”, ndipo akafunsa funso amadikira yankho.

Lachitatu, 11 Juni

Nditaweruka ndinadzera kwa achemwali kukawakonzera geti. Alamu anali pakhonde, angobwera kumene kuchokera kuchilumba, kumene amawolotsa anthu ndi katundu pa boti lawo. Anandipatsa moni wa mlendo, mpaka nditayankhula mʼpamene anati, “Aa, ndi munthu wa kumtunda uja.” Amanditchula choncho chifukwa chibadwire sindinakwerepo boti. Ine ndimawatchula achule.

Tikumwa tiyi ndinayamba kudzitama kuti Loweruka ndikugwetsa thanki ya njanji. Alamu anaika kapu pansi.

“Thanki iti, mlamu?”

“Ilipo ina?”

Alamu anaviika chala mu tiyi nʼkuyamba kujambula patebulo. Akuti sitima zikuluzikulu zili ndi njira yake yokumba, ya zizindikiro zoyandama. Koma maboti angʼonoangʼono, oposa makumi anayi, amalowera pa kampata kamodzi pakati pa miyala ya mʼmadzi. Madzi akadzaza, miyalayo sioneka. “Timayangʼana pholo ya nyali ya kumapeto kwa jeti. Thanki ikakhala pamutu pa pholo ngati mayi wasenza ndowa, uli pampata, lunjika. Ikapendekera kumbali, uli pamwala.”

Ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene pamsonkhano uja wa chitukuko, umene unavomereza zogwetsa thanki. Akuti msonkhanowo unali 9 koloko mʼmawa, maboti onse ali panyanja. Amene anapitako ndi a mʼmisika, madalaivala, ndi achemwali angawa. “Inenso ndinakweza mkono kuti igwe,” anatero achemwali, “imangosunga mileme.” Zaka makumi anayi ali pabanja ndi munthu wa boti koma osadziwa. Alamu akuti, “Kodi munthu amalengeza kuti ali ndi mphuno?”

Geti sindinakonze. Mtima suli mʼmalo. Ndikadapanda kudzitama, Loweruka madzulo anthu akanabwerera kumtunda nʼkupeza chizindikiro chawo ndachiduladula ine.

Lachinayi, 12 Juni

Kapitawo nditamuuza za maboti: “Pamapu palibe. Loweruka ndi Loweruka.” Anatero akutafuna buledi, osandiyangʼana nʼkomwe.

Ndinamudumpha, ndinapita kwa Atepi. Anatambasula mapu atatu, ena achikasu ndi ukalamba. Pali jeti, pali khoma, pali njanji, ngakhale chimbudzi cha alonda chilipo. Za pholo ndi thanki, zii. Ndimayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anangoti, “Safunsa anadya phula, bambo. Mawa mukandionetse.”

Mukandionetse. Ndiye kuti inenso ndikwera.

Mayi a kunyumba aseka mpaka kukhala pansi. Akuti andimangirira zigubu ziwiri mʼchiuno.

Lachisanu, 13 Juni

Ndakwera boti. Ndikulemba kuti adzukulu adzawerenge.

Ulendo wonse ndinagwira thabwa lokhalira ndi manja awiri. Alamu akungondinena: “Mlamu, thabwalo mukalithyola mukaliwotcherera?” Atepi anavala jekete loyandamitsa, tepi ili mʼthumba ngati akukayeza nyanja.

Titatuluka kunja anatembenuza boti. Tauni yathu sindinaionepo chonchi. Makireni, mashedi, makontena ofiira atasanjikizana, phiri kumbuyo, nyumba zathu ngati mabokosi a machesi. Ndinanyadira, ngakhale ndinali ndi nseru. Khoma lija muli zitsulo zanga.

Alamu anayendetsa pangʼonopangʼono, akufunsa Atepi: “Mwaiona thanki, mayi? Ili mbali iti ya pholo? Nanga pano? Yakhala?” Atepi atati yakhala, anapatsa injini moto. Ndinaganiza kuti aphunzitsi abwino amatero. Tikudutsa, funde linatsika, ndinaona mwala wakuda kumanja, pafupi moti ndikanaukhudza ndi phazi. Atepi anasiya kujambula.

Tili pajeti anati thanki igwabe, miyendo yatha, tsiku lina idzagwera munthu. Koma anapitiriza: chimene maboti amatsata si thanki, ndi mzere wochokera pa mpata, kudzera pa pholo, mpaka kumtunda. Chizindikiro chikhoza kukhala paliponse pa mzerewo. Kuseri kwa msewu watsopano kuli malo, bola chitalike. Ndipo thanki isagwe chatsopano chisanaime.

Anafunsa alamu kuti chikhale chotani. “Choyera, mayi. Ndipo chachikulu.” Anabwereza kawiri.

Loweruka, 14 Juni

Thanki ikadali chiimire. Atepi asaina pepala loimitsa ntchito masiku asanu. Kapitawo wakwinya nkhope tsiku lonse, akuti doko lino layamba kuyendetsedwa ndi owotcherera. Ndamupatsa moni kawiri, dala.

Ndadula chivindikiro cha thanki kuti chikhale chizindikiro chatsopano, kireni yaingʼono yatsitsa. Chozungulira, mulitali mwake kuposa ine nditatambasula manja. Mileme inatuluka ngati utsi, wa kireni anatsala pangʼono kudumpha. Mlongoti ndapanga ndi njanji ziwiri zakale zomwe anazula chaka chatha. Chitsulo cha kale nʼchabwino, chimalandira moto mosanyinyirika. Mwina bambo anapondapo pomwe ndawotchererapa, atasenza thumba la malasha.

A simenti athira maziko. Ine ndapaka chivindikiro penti yoyera kawiri. Ndabwera kunyumba ndikuimba mluzu, mayi akufunsa ngati andikweza pantchito.

Lamulungu, 15 Juni

Kupuma. Penti yakana kuchoka mʼzikhadabo.

Ndakonza geti ija. Achemwali akuti masiku ano alamu sabwera okha kuchokera kuchilumba, amadikira boti lina litsogole. Akuti ukalamba wawachititsa kukonda anthu.

Lachitatu, 18 Juni

Mlongoti waima. Atepi anali ndi makina awo oyezera a miyendo itatu, ine pamwamba ndi sipanala, eni maboti asanu ali panyanja akutiuza pafoni. “Kumanzere pangʼono. Mwapitirira. Bwererani chikhatho chimodzi.” Makina ndi maso a anthu zinagwirizana pomaliza: chivindikiro chili ndendende pamwamba pa thanki, thanki pamutu pa pholo. Atepi ajambula mzerewo pamapu ndi inki yofiira, akuti upitanso ku likulu la doko.

Alamu sanabwere. Akuti injini ikutsokomola.

Lachinayi, 19 Juni

Yagwa 11 koloko. Ndinadula miyendo iwiri ya kunyanja, chingwe chinakoka, inagwada kaye kenako phii, fumbi lofiira tolo. Anthu anaombera mʼmanja, achemwali ali kutsogolo. Ine ndinavula chipewa, sindikudziwa chifukwa chake. Pofika madzulo inali zidutswa palole.

Kumwamba kwaoneka kwakukulu pamalo paja.

Lachisanu, 20 Juni

Alamu anandipeza pageti ya doko mʼmamawa, ndisanalowe. “Tiyeni, mlamu, mukaone ntchito yanu.” Panalibe nthabwala. Ndinapempha ola limodzi kwa kapitawo, anangogwedeza dzanja.

Tinali awiri basi. Kunja kwa miyala kunalibe boti lina loti litsogole. Anatembenuza, anachepetsa moto, nʼkuyamba kuyangʼanitsitsa kumtunda atatsinzinira. Ine ndinali nditachiona kale chivindikiro, choyera mbee pakati pa makontena ofiira, chili kumanzere kwa pholo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Anandigwira bondo.

“Musanene.”

Boti linasuntha pangʼono. Pangʼononso. Chivindikiro chinakwera pamutu pa pholo, ndipo nthawi yomweyo alamu anapatsa injini moto, ndisanatulutse mawu.

Titadutsa miyala anapukuta kumaso ndi chipewa. “Zaka ziwiri, mlamu. Chiyambire kuunjika makontena aja, thanki ndi dzimbiri lake inangosungunuka mʼmaso mwanga. Ndimayendera msana wa anzanga. Lero ndachiona ndekha.” Kenako: “Musawauze achemwali anu.”

Ndinati ndikhala chete mpaka Lolemba. Lolemba tikupita limodzi ku chipatala cha maso, apo ayi ndikanena zonse, ndi zowonjezera. Anati anthu a kumtunda ndi oipa mtima. Ndinati inde, achule, 7 koloko.

Tikumangirira chingwe pajeti mʼpamene ndinazindikira kuti ulendo wonse wobwerera sindinagwire thabwa.