Adadi Anga pa Sikirini

Lolemba, 6 Meyi
Filimu yathu aisankha ku chionetsero cha mafilimu! Ija tinajambula patchuthi ndi kamera yobwereka. Aionetsa Lachinayi masana. Ndalumpha mpaka kugwetsa beseni la madzi. Kenako amayi akuti, "Adadi ako akuti apita nawo."

Lachiwiri, 7 Meyi
Sindikukhazikika. Vuto ndi siini ya kukhitchini. M'filimumo ndine mtsikana wopempha kupita kuphwando la anzake, bambo ake n'kukana. Tsiku lojambula, mkulu wosewera bamboyo ankangouma ngati chitsa. Dairekita anati, "Iwe, tamuonetsa mmene bambo amakanira." Ine ndi phuma langali ndinaonetsa za adadi: kutsokomola, kugogoda makiyi patebulo, "Nkhani yatha," osayang'ana n'komwe munthu. Onse anafa nacho chiseko. Mkuluyo anakopera zonse, mpaka kapendekedwe ka khosi.

Ndinkadziwa bwanji kuti zidzafika pa sikirini yaikulu, eni ake ali pompo?

Lachitatu, 8 Meyi
Ndamuimbira Dairekita kuti adule siiniyo. Akuti, "Wapenga? Filimu tinapereka kale, ndipo osankha aja anakonda yomweyo." Ndayesa kuwauza adadi kuti holoyo imatentha, mipando yake ndi yolimba. Akuti, "Ndapempha kale kuntchito." Ndatsuka mbale zotsukatsuka.

Lachinayi, 9 Meyi
Zavuta.

Holo yodzaza, ena kukhala pamasitepe. Siini ija itafika anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mnyamata wina kumbuyo kukuwa, "Amenewo ndi adadi anga enieni!" Amayi anagwira pakamwa, koma mapewa akugwedezeka. Ine maso pa adadi. Makiyi a m'filimumo atalira patebulo adadi anaimirira, kuponda anthu mapazi, ulendo panja.

Pamapeto anthu anaomba m'manja ataimirira. Mayi wina wa nyuzipepala anandifunsa mafunso, zomwe ndayankha kaya. Adadi tinawapeza m'galimoto.

Lachisanu, 10 Meyi
Sanandikalipire. Bola akanakalipa. Tiyi amwera chiimire, moni wanga ayankha ndi mutu. Nyuzipepala yalemba kuti bambo wa m'filimu yathu ndi woseketsa kuposa onse chaka chino. Amayi aibisa pansi pa khushoni.

Ndalowa kuchipinda, kutuluka, kulowanso. Anzanga akutumiza mauthenga ondiyamikira, sindikuwatsegula. Ndawachititsa manyazi adadi pagulu, ndipo ndikuopa kuti ine ndi iwo zathera pomwepa.

Loweruka, 11 Meyi
Filimu ija aionetsanso m'mawa uno. Ndinapita ndekha, Dairekita anachita kundikakamiza. Magetsi asanazime ndinacheuka, n'kuona dazi lodziwika mzere wakumbuyo. Adadi! Okhaokha, manja atapinda.

Siini ya kukhitchini inafika, anthu kusekanso. Ndinadikira kumva chitseko cha holo, adadi akutuluka. Sichinalire. Kenako inabwera yotsatira, imene sanaione Lachinayi: mtsikana uja kuchipinda, pilo pakamwa, akulira kuti asamveke. Imeneyo palibe anandiphunzitsa. Holo yonse chete.

Potuluka ndinawapeza akundidikira pakhomo.

"Ija ya pilo ija," anatero, "nayonso unaitenga kunyumba?"

"Eee, adadi."

Anayang'ana pansi, anthu akutilambalala.

"Ine ndinkayesa umakagona."