Ndapita kwa wowongola msana

Mayi a mwana,

Mukabwerako kumsika simundipeza, ndapita kwa wowongola msana. Anandiuza za munthuyu ndi telala uja ndinausa mvula pakhonde pake mwezi watha. Akuti zala zake zinkachita dzanzi, ndiye wowongola msana anamugoneka chafufumimba, n'kumukanikiza mpaka mafupa analira, basi zala n'kudzuka. Ndapita ndikayese.

Pepani, kapu yanu yamaluwa ija yasweka. Sindinaigunde ayi, dzanja langoitaya lokha ngati ndi la munthu wina. Aka n'kachitatu sabata ino, kawiri konseko ndinakubisirani. Ndasesa, koma pansi pa tebulo ndalephera kuwerama, choncho musapondepo opanda nsapato. Mabatani a malaya nawo andigonjetsa, moti ndavala juzi yanu yofiira. Mukamva kuti mumsewu mwadutsa nkhalamba yotchena, ndi ine.

Mwana wathu musamuuze kaye. Akangomva adzandikhazika pampando ngati katundu, ulendo n'kuthera pomwepo, ndipo mukundidziwa, ine kukhala pansi ndi maliro. Kope langa lolembamo nkhani za anthu lili pansi pa pilo. Muyerekeze tsamba loyamba ndi lomaliza, muona nokha mmene zilembo zafotera. Zatsala nkhani zambiri m'mutumu, koma cholembera chikundipulumuka.

Kunena zoona, sindikukhulupirira kuti ndikachira. Nthawi yonse imene telalayo ankatamanda wowongola msana, ulusi ankamulowetsera pasingano ndi mkazi wake.

Ndine,
mwendanjira wanu uja