Mmwenye wa Maloko

Milange,
14 Ogasiti, 2024

Okondedwa achemwali a Constância,

Ndikhulupirira muli bwino ku Limbeko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kupatula mutu wanga umene ukuzungulira chiyambire Lachisanu. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni simundipatsa mpata, mumangoti, "Belarmino, ndiwe tsibweni wake, umugwire mwanayo asawoloke malire ndi anthu amenewo."

Muja munamva kuti mwana wanu Luciana wasiya maphunziro a uphunzitsi ku Quelimane, inenso anandiimbira. Anati, "Atsibweni, ndikubwera ndi bwenzi langa mudzamuone. Ndi wa indi roko." Foni inkadukaduka, koma mawuwo ndinawagwira. Ndinawauza mayi akunyumba, a Januária, ndipo tinagwirizana kuti indi ndi India, roko ndi loko, ndiye kuti mwana wapeza Mmwenye wogulitsa maloko. Ndisaname, ndinakondwa. Ndinayamba kale kudziona nditakhala pampando m'sitolo ya mkamwini.

A Januária anakasungitsa nkhumba yathu kwa aneba kuti isachititse manyazi, anagula masala kumsika, nabwereka mipando kutchalitchi. Mukuwadziwa pakamwa pawo, pofika madzulo onyamula katundu onse a pamalire anali atamva.

Lachisanu inaima pakhomo minibasi yotopa, ng'oma zili padenga. Anatsika Luciana, kenako mtsikana wometa mbali imodzi ya mutu, kenako anyamata awiri. Ine maso ali pachitseko kudikira Mmwenye. Mmodzi wa anyamatawo, wakuda ngati ine ndemwe, buluku long'ambika m'maondo, ananjuta nandipatsa moni wa manja awiri.

"Ameneyu ndiye Ronaldo," anatero Luciana.

"Chabwino," ndinatero ine, "nanga maloko ali kuti?"

Achemwali, mwana wanu anaseka mpaka kukhala pansi. Akuti roko ndi mtundu wa nyimbo, ndipo indi ndi chidule cha independente, kutanthauza kuti gulu lawo lilibe bwana. Amajambula okha, kuyendetsa okha, kukankha galimoto okha. Ndinawauza kuti kuno munthu wopanda bwana timamutcha lova. Ronaldo anangomwetulira, nadya masala onse.

Ndinawafunsa mmodzimmodzi kwawo, monga munandituma, koma ndinasokonezeka koposa. Ronaldo anaphunzira ng'oma kutchalitchi, bambo ake ndi katekisiti. Wometa uja ndi Liness wa ku Zomba, anali namwino, anasiya yekha osachotsedwa. Mnyamata winayo ndi mwana wa msodzi wa ku Beira, salankhula, ndipo poimba gitala amangoyang'ana nsapato zake ngati wagwetsa singano. Akuti kuyang'ana nsapatoko nakonso ndi mtundu wa maimbidwe. Ndinanunkhiza m'galimoto mwawo kufuna chamba, ndinapeza masokosi ndi nthochi.

Loweruka masana anaimba pabwalo la pafupi ndi msika. Ndinapita ndi mtima umodzi, woti akamaliza ndimugwire dzanja Luciana tibwerere kunyumba. Nyimbo zawo sindikudziwa ndizifotokoze bwanji. Zimayamba monong'ona, iwe n'kusendera pafupi, mwadzidzidzi gitala n'kulira ngati chigayo chameza mwala. Anyamata a njinga anayesa kuvina, miyendo inasowa poponda. Mayi wina wogulitsa nyemba anandifunsa ngati zida zawonongeka. Ndinati sindikudziwa.

Kenako onse analeka, kunatsala ng'oma ya Ronaldo ikugunda pang'onopang'ono. Luciana anatseka maso nayamba: "Muloza wadzaza, gona mwanawe, tiwoloka mawa."

Achemwali, ndinaizindikira pompo. Imeneyi ndi nyimbo yanu, imene munapeka mutandibereka kumsana tikuthawa nkhondo, titakhala pagombe kudikira madzi aphwe. Ine ndinali nditaiiwala, kapena ndimayesa choncho. Magitala analowanso ndi phokoso lawo lija, ndipo ulendo uno silinandinyanse. Linamveka ngati zimene tinazisiya kumbuyo tsiku lija. Ndinalira pagulu, ine bambo wa ndevu. Mayi wa nyemba uja naye ankapukuta m'maso ndi chitenje, osandifunsanso kanthu.

Pobwerera ndinamufunsa Luciana kuti sukulu bwanji. Anati, "Atsibweni, amayi anawoloka ali ndi inu kumsana osadziwa za kutsidya. Ine ndingalephere ndi gitala?"

Mpaka pano sindikudziwa ngati nyimbo zimenezi zili zabwino kapena zoipa. Sindikudziwa ngati Ronaldo adzatha kudyetsa banja, ndipo za ukwati sindinalole kanthu, ndamuuza atumize akwawo monga mwa mwambo. Sindikudziwanso ngati ndachita bwino. Mundikalipire, ndilandira. Koma dzanja lija sindinaligwire. M'mawa uno ndawathandiza kukankha minibasi yawo kulowera kumalire, komwe adakali pamzere pamene ndikulemba.

A Januária akupereka moni, akuti nkhumba yabwerera bwino. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Gululi liimba ku Blantyre Loweruka likudzali, mukapite ngakhale kukaima kumbuyo, ndipo mukapirire nyimbo zoyambazo.

Kalatayi sindinaitumize pa basi. Ndamupatsira Luciana m'manja. Ngati mukuiwerenga, ndiye kuti waima pakhomo panu ndipo akuopa kulowa. Mutsegulireni, achemwali.

Ndine mlongo wanu amene munamubereka kumsana,
Belarmino