Ndawadula Mutu Apongozi

Bambo a ana,

Pepani, ndathamangira kukasaka nyuzipepala ina ya dzulo. M'yathuyi ndadulamo timabokosi todzaza mawu tija, kuti ndikawafotokozere anzanga funso linakugonjetsani lija: "Chiweto chabisala mwa ogalukira." Yankho ndi galu, ali m'kati mwa liwu lomalizalo. Inu kukakamira mbuzi, yosakwana n'komwe m'timabokosimo!

Tsoka ilo, kuseri kwake kunali chithunzi cha amayi anu akulandira mphatso yopumira pantchito. Thupi latsala m'nyuzimo, mutu uli m'chikwama mwangamu. Paja akubwera masana ano kudzachitenga kuti akachiike m'felemu.

Akafika ndisanabwere, apatseni tiyi, muwafunse za bondo lawo lija. Nkhani imeneyo siitha msanga. Nyuziyo muikhalire, musadzuke ngakhale powapatsa moni.

Wanu wodula mitu