Singano Zokhala Kale ndi Ulusi

Lolemba, 4 Malichi

Mababu atsopano mu shopu. Asanu ndi limodzi, oyera mbee, amene akuti ma LED. Wamagetsi anabwera ndi makwerero ake ogwedera, nkuchotsa achikasu aja onse. Akuti atsopanowa sadya mayunitsi, satentha, ndipo ndidzakalamba iwo akuyakabe. Ndamuuza kuti wachedwa, kukalambako ndinayamba kale.

Wagula ndi mng'ono wanga, ndi ndalama imene amasungira makina osokera achiwiri. Chifukwa cha ine. Zaka ziwiri ndikudandaula mdima. Ulusi ukakana kulowa m'singano, mababu. Msoko ukakhota, mababu. Lero anangoti, "Achemwali, mdima wanu uja tauthamangitsa."

Ndinaseka. Mtima sunaseke nawo, kaya chifukwa chiyani.

Lachitatu, 6 Malichi

Kuwalaku kulibe chinsinsi. Kangaude pakona, fumbi pamwamba pa shelefu, dontho la mafuta pansalu ya pathebulo. Tasesa m'mawa wonse ngati tikulandira apongozi.

Koma nsalu zikuoneka bwino, ndisaname. Odutsa mumsewu akuima pawindo. Atatu alowa, awiri asiya ntchito. Thukuta la pamutu lija latha, babu lakale linkandiwotcha paliwombo ngati simbi.

Dzulo Mayi Chikwama, uja wa chikwama chonga sutikesi, anabweretsa jekete yakuda ya amuna ake. Akukayamba ntchito yatsopano. Mabowo a mabatani ndi mpendero akufuna zosoka pamanja, ndipo dzanja lake likhale langa. Ndinadzimva ndithu. Za pamanja mu shopu muno ndi zanga, mng'ono wanga ndi wa pamakina, ndipo singano ndinamugwiritsa ndine ali ndi mamina.

Masana singano za pakapilo kobayapo singano zinatha ulusi. Kuyesa kulowetsa wina, kasanu konse. Kabowo kakuoneka kawiri. Mwina kuwalaku kwanyanya.

Lachisanu, 8 Malichi

Mng'ono wanga wayang'ana mita ya magetsi katatu lero. Mayunitsi akuyenda ngati nkhono, iye mpaka kuvina pakati pa shopu ndi tepi m'khosi. Akuti pofika Disembala mababu adzakhala atabweza okha ndalama ya makina.

Wamagetsi anadutsa kudzaona ntchito yake. Ndinamuuza kuti mababu akewa akulasa m'maso. Iye: "Mayi, dzana mumati mdima, lero mukuti kuwala. Ndikuikireni chiyani, mwezi?" Wamwano. 

China. M'mawa uliwonse ndimapeza singano pakapilo zili kale ndi ulusi. Ndimadziwa kuti ndimazisiya ndekha poweruka. Koma lero panali ina ya ulusi wobiriwira, wa diresi imene sindinaiyambe nkomwe. Ndinalowetsa liti? Sindikukumbukira. Kodi mutu wayamba kudontha?

Lachiwiri, 12 Malichi

Ndekha tsiku lonse, mng'ono wanga kokagula nsalu. Singano zokonzeka zinatha isanakwane 11 koloko. Ndinatenga ulusi wakuda m'bokosi, kulimbana ndi kabowo, kunyowetsa ulusi ndi malovu mpaka unalefuka. Mwina mphindi khumi. Ndinatseka chitseko kuti asandione anthu.

Jekete yatha. Mabowo anayi ndi mpendero. Zala zikudziwabe njira, zimenezo palibe angandilande.

Mutu ukupweteka kumbuyo kwa maso.

Lachinayi, 14 Malichi

Manyazi. Sindikudziwa poyambira.

Mayi Chikwama anabwera kudzatenga jekete. Anaitukula pansi pa babu. Kenako akuti mabowo onse ndasoka ndi ulusi wabuluu. Ndinailanda, kuyang'ana: wakuda. Ndinamuuza kuti ndi wakuda, mokweza mawu, zaka makumi atatu ndili pantchitoyi. Ndinaitana mng'ono wanga kuti aweruze.

Anayang'ana jekete, osandiyang'ana ine. Anauza mayiyo kuti abwere mawa, tikonza ulere.

Pansi pa mababu achikasu aja palibe akanaona. Ndiye ndi zingati zinatuluka muno zotere? Masuti a maukwati? Mayunifolomu?

Onse atachoka ndinatsegula katoni ya mababu akale. Ndinagwira limodzi, ndimati ndilibwezere pamwamba pa thebulo langa. Ndinangoima nalo m'manja ngati dzira. Kenako ndinatseka diso lamanzere ndi chikhatho: kalendala pakhoma, manambala onse. Kutseka lamanja: mkaka wokhawokha.

Ndinabwezera babulo m'katoni. Ndikuopa.

Lolemba, 18 Malichi

Masiku atatu osapita ku shopu. Ndinati chimfine. Jekete anaphwasula nkusokanso ndi mng'ono wanga, pamanja, ndipo akuti Mayi Chikwama anayamikira dzanja langa. Mng'ono wanga sanamuwongolere.

Ndagwira njakata. Ndikamuuza mng'ono wanga za diso, ndiye kuti ndalama ya makina inapita m'madzi chifukwa cha pakamwa panga. Ndikapanda kumuuza, jekete ina ikubwera. Nanga telala wosaona kabowo ka singano amakhala ndani mu shopu? Wolandira alendo? Wosesa timaulusi?

Ndimafuna kukwiyira wina. Wamagetsi sanalakwe. Mababu akuchita zonse zimene analonjeza. Ndiye ndikwiyire ndani?

Mawa ndipita molawirira, ndikakonze singano zanga iye asanafike.

Lachiwiri, 19 Malichi

Ndinafika 6 koloko isanakwane. Loko wotsegula kale. Babu limodzi likuyaka, la pathebulo langa. Pampando wanga, mng'ono wanga, kapilo kanga pamwendo. Ulusi pakamwa, singano m'mwamba, kamodzi kokha walowa. Kubaya pakapilo, kutenga ina.

Sanadzidzimuke. Ndinamufunsa kuti anayamba liti. Akuti chaka ndi theka. Kale ankaimira pakhomo kuti dzuwa limuthandize, mababuwa amupeputsira ntchito. Tsiku la jekete lija analawira kokagula nsalu, anangokwanitsa singano zinayi, ndipo wakhala akudziimba mlandu.

Ndiye mutu wanga uli bwino. Ndinafuna kuseka, kunatuluka misozi.

Ndinamufunsa chimene anatayira ndalama ya makina akudziwa kuti vuto si mababu. Iye: "Sinatayike, mita ikuchitira umboni. Komanso ndikanakuuzani ine za maso, mukanandimeza. Munafunika kutsala opanda babu lokangana nalo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, achemwali."

Kamwana kamene ndinkakapukuta mamina.

Pansi pa kapilo panali kapepala ka kuchipatala cha maso. Lachisanu, 8 koloko. Analembetsa dzina langa mwezi watha, mababu asanabwere. Anandiwerengera yekha, zilembo zake zing'onozing'ono.

Sindikudziwa ngati ndakwiya kapena ndathokoza. Zonse ziwiri mwina. Sindikudziwanso chimene adokotala akanene.

Panali siketi yakuda yodikira mpendero. Akuti za ulusi wakuda wabaya kumanzere kwa kapilo, za wabuluu kumanja. Kwa ine zonse zofanana. Ndinatenga yakumanzere, osaitukulira ku babu, nkuyamba kusoka.